Pamene Panali Chigayo

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pano. Lero mtima wanga ukuchita kudumphadumpha, ndiye ndiloleni ndikuuzeni mmene ntchito inatsalira pang'ono kundipulumuka m'manja.

Ofesi imene ndinkagwirako pa Ntcheu Boma itatsekedwa, ndinakhala pakhomo chaka chathunthu, ana awiri akundiyang'ana. Kenako ndinapeza ntchito ya pa intaneti, koma anati andiyese kaye. Opanga magemu a pakompyuta ali ndi chida chofufuzira zolakwika. Gemu ikamaima yokha, kapena kamunthu ka m'gemumo kakamalowa m'khoma, chidacho chimaonetsa pamene pavuta. Masiku ano amachipatsa AI, makina anzeru aja, kuti azichigwiritsa ntchito yekha. Koma AI sachiona chidacho ayi, amangodalira mawu ochifotokoza basi. Ntchito yanga inali kuwerenga mawuwo n'kupereka malikisi, kuti kodi afotokoza zomveka kapena ayi.

Ndinapereka malikisi apamwamba. Ine mawuwo ndinkawamva bwinobwino, pakuti chidacho ndinali nditachiphunzira ndi manja angawa, chakale ndi chatsopano chomwe. Koma atamuyesa ndi mawuwo kuntchitoko, AI analephera, ndipo lipoti langa linabwezedwa. Ndinaliwerenganso, n'kukonza tizilembo apa ndi apo, n'kutumizanso ndi malikisi omwewo. Linabwezedwanso. Abwana ondiyang'anira analemba mwaulemu kuti likabwerera kachitatu, tisiyana.

Abale, ndinalira. Mzimayi wamkulu ngati ine, kulira pamaso pa laputopu! Ndinayamba kudziuza kuti mwina zinthuzi si za ife, bola ndibwerere kumudzi ndizikakumba mbatata ya kachewere. Lachinayi ndinapita kumapemphero a amayi, koma vuto langa ndinalephera kulifotokoza, nanga ndikanayambira pati? Ndinangoti ntchito yanga ili m'madzi. Amayiwo anandigwira manja n'kupemphera kuti Mulungu anditsegule maso. Ine mumtima ndinkati maso ofunika kutsegulidwa ndi a abwana aja.

M'mawa mwake ndinatuma a Gama, bambo wina wakabaza, kuti akanditengere thumba la chimanga kwa achemwali anga. Njira ndinawalongosolera monga timachitira kunoko, kuti akafika pamene panali chigayo akhotere kumanzere. Dzuwa linafika pamutu asanabwere. Potulukira anali thukuta kamukamu, njinga ilibe kanthu. Ine pakamwa panga sipachedwa, ndinayamba kuwalalatira pomwepo.

Anandisiya mpaka nditamaliza, kenako anati, "Mayi, ine kuno ndabwera chaka chomwe chino kuchokera kuchigwa. Chigayo mukunenacho sindinachionepo. Munandiuza njira ya anthu oidziwa kale."

Mawu awowo anandikumbutsa lipoti langa lija. Kenako ndinathamangira m'nyumba, patapata imodzi kutsalira pakhonde, n'kutsegula mawu ofotokoza chida aja. Mzere woyamba weniweni unkati chidachi chimagwira ntchito monga chakale chija. Chakale chiti? AI anachionera kuti? Okonza mawuwo sanalembe kuti gemu iyenera kuimitsidwa kaye chida chisanafunsidwe. Sanalembe ngati nambala imene chikufuna ndi ya kamunthu kaja kapena ya chipinda chimene kalimo. Ngakhale yankho limene limabwera pakakhala kuti palibe cholakwika sanalitchule, n'chifukwa chake AI ankangofunsa chomwechomwecho osaleka. Mipata yonseyi ine ndinkaitseka ndekha m'mutu osazindikira. AI anali mlendo ngati a Gama, ndipo tinkamutuma pachigayo chimene anagumula kalekale.

Ndinatuluka kukapepesa kaye, manyazi atandigwira, n'kuwalongosoleranso njira potchula zinthu zimene zilipo lero. Atanyamuka ndinakhala pansi. Mzere uliwonse ndinkaufunsa kuti, munthu wobwera lero, wopanda womufunsa, angafike ndi mawu awa okha? Malikisi ndinawatsitsa kwambiri, ndipo paliponse ndinalemba chimene chikusowa. Ndinatumiza ndikudziwa kuti mwayi unali womaliza.

Yankho linandipeza ndili mumsika, ndikusankha tomato. Abwana aja analemba pafoni kuti akonza mawuwo potsatira ndemanga zanga, ndipo AI wapeza cholakwika cha m'gemu ulendo woyamba womwewo. Ntchito andilemba yokhazikika, komanso akufuna ndiphunzitse anzanga kawerengedwe kameneka. Ndinakuwa Aleluya mpaka mayi wa tomato anadzidzimuka n'kugwetsa mulu wonse. Ndinatola naye ndikuseka, misozi ikutsika.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha ndisanadziwe n'komwe chopempha. Ndikuthokoza amayi a kumpingo amene anapempherera chinthu chimene sankachimvetsa. Inu amene zinthu zikukubwererani kawiri katatu, musataye mtima, pempheranibe ndipo muzimvetsera. Ine thandizo langa linabwera panjinga yopanda katundu, ndipo ndisanalizindikire ndinayamba ndalilalatira.