Njinga ya Amalume ndi Choimbila cha Liu Limodzi

M'zaka zija za chipani chimodzi, pamene sopo ndi saladi, mafuta aja ophikila, tinali kuziimila pamzele kuyambila m'mamawa, ine ndinali mnyamata wa ku Nyampande, woimba ogani m'tchalitchi mwathu, ogani ija yopalasa ndi mapazi imene inu ana a lelo simunaione, ndipo zala zanga zinaphunzitsidwa kugwila mau anayi nthawi imodzi, sopulano, alito, tena ndi besi, ngati kwaya yonse yalowa m'manja mwa munthu mmodzi.

Ku boma la Petauke kunabwela mphunzitsi wochokela ku migodi, a Mulenga, Mbemba wa tsitsi lofufuma ndi buluku lotambalala kumapazi, ndipo anasonkhanitsa anyamata kuti aziimba loko, nyimbo zija za magitala okalipa zimene tinali kuzimva pa wailesi. Wa ng'oma anali naye, wa besi anali naye, koma wa kiyibodi anamusowa. Atandimva pa ukwati wina, anandikokela pambali nati, "Iwe wa tchalitchi, zala uli nazo, koma ogani ya Mulungu sitingaikweze pa lole kupita nayo ku dansi. Upeze choimbila chako chikondwelelo cha ufulu chisanafike, apo ayi malo ako ndipatsa kalaliki wa ku Nyimba, amene akundivutitsa tsiku ndi tsiku."

Lelo inu mumalowa m'sitolo ndi kusankha monga asankhila nthochi pamsika, koma kale zoimbila zinali kufika kuno m'katundu wa anthu osamutsidwa pa ntchito, ndipo m'dela lonse lino ndinamva za ziwili zokha. Chimodzi chinali ku Nyimba, chachikulu ngati bokosi la malilo, chofuna magetsi amene ku Luembe ndi kumidzi kumene tinali kukaimba kunalibe, ndipo mtengo wake ukanatha khola lathu lonse. China chinali kiyibodi yaing'ono yotchedwa sinthesaiza, kutalika ngati mkono, yoyendela mabatile a tochi. Mwini wake, a Sakala, mlangizi wa zaulimi, anali atatumizidwa ku Sandwe, kumene misewu imathyola galimoto, ndipo sanafune china koma njinga.

Njinga pabanja pathu inali imodzi, ya amalume anga a Tembo, mkulu wa mpingo, ndipo mukudziwa kuti kwathu kuno mwana wa mlongo amalila kwa amalume. Anandimvetsela mpaka ndinatha, kenaka anati, "Loko wakoyo sindimudziwa, mphwanga, koma Davide nayenso anali woimba zeze. Tipite tikachiyese ndi nyimbo ya Mulungu. Chikaimba bwino, njinga ipite. Chikalephela, usadzanditchulilenso."

Tinafika pakhonde la a Sakala masana, a Mulenga ali kale pomwepo ndi gitala lao la bokosi. Ndinaika kachipangizo kaja pamaondo, ndinapemphela mumtima, ndipo ndinatsitsa zala pa mau anayi a nyimbo yotsegulila mapemphelo, monga ndinali kuchitila Sabata lililonse. Ana anga, kunatuluka liu limodzi lokha, loonda ngati la udzudzu. Ndinayesanso, ndikukanikiza mwamphamvu, koma linali limodzi lomwelo, likudumphadumpha kutsata chala chimene chafika pomalizila.

"Bambo Sakala," anatelo amalume mwaulemu, "mau ena atatu mwawasiya m'nyumba kodi?"

A Sakala anaseka mpaka kugwila nthiti. "Bambo, sichinafe ayi. Anachipanga motelo, chimaimba liu limodzi basi."

"Ndiye mufuna mawilo awili pa chinthu cha liu limodzi? Ngakhale tambala wanga ali ndi mau oposa pamenepa. Nyamuka, mphwanga, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyelele."

Anagwila njinga yao ndi kuitembenuzila kumsewu, ndipo ine sindinawatsutse, pakuti nanenso ndinakhulupilila kuti chinthu chosatha kunyamula mau anayi ndi cholumala. Ndinangoona kalaliki wa ku Nyimba ataima kale pamalo panga.

Koma a Mulenga anaimilila nati, "Ba Tembo, dikilani pang'ono chabe, dzuwa likadalipo." Ndipo kwa ine anati, "Iwe, dzanja lamanzelelo uliike m'thumba. Umbombo wanji wofuna kuimba mau a anthu onse? Tenga sopulano, zinazo si zako."

Ndinachita manyazi, koma ndinamvela. A Mulenga anayamba kukhwacha gitala pansi pa liu langa, a Sakala anapotoza kabatani kamodzi, ndipo udzudzu uja unasanduka chitolilo, anapotozanso kena, chitolilo chinanenepa ndi kunjenjemela ngati mayi wotsogolela nyimbo pamalilo, liu limene ogani yanga sinalitulutsepo chibadwile. Koma pansi pa nyimbo panali dzenje, pakuti besi panalibe, ndipo amalume, amene anaimba besi m'kwaya kuyambila ine ndisanabadwe, sakanatha kumva dzenje lotelo ndi kulisiya. Ndinamva kung'ung'udza kumbuyo kwanga, kenaka liu lao lonse linatuluka, dzanja likadali pa chishalo cha njinga, ndipo sanaleke mpaka ndime yomaliza, pakuti mkulu wa mpingo sasiya nyimbo pakati.

Titatha, amalume anati, "Mphwanga, ogani yako ija yakhala ikundimeza Sabata ndi Sabata. Lelo ndadzimva ndekha." Anakankhila njinga kwa a Sakala, koma pampu anaisolola ndi kuiika m'khwapa, nati, "Iyi itsala. Mpweya muli nao wambili, ndaona mmene munasekela."

Tinabwelela ku Nyampande pansi, ine nditakulunga sinthesaiza m'chitenje cha amai, ndipo pa chikondwelelo cha ufulu ndinaima pambali pa a Mulenga, ndikuimba loko ndi dzanja limodzi, anthu akuvina mpaka fumbi kuphimba mbendela.

Tsono inu amene mukulota zoimbila, musadele nkhawa kuti dzanja lanu silifika pa zazikulu. Gulani chimene mungathe, choyenela kumene mudzaimbile, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha, musachiweluze ndi muyeso wa chimene munazolowela. Malembo amatikumbutsa kuti thupi ndi limodzi koma ziwalo n'zambili, ndipo diso silinapatsidwe ntchito ya khutu. Popita kukayesa choimbila, musapite nokha, tengani anzanu amene mudzaimba nao, ndipo mukamva dzenje m'nyimbo musafulumile kulikwilila ndi zala zanu, pakuti mwina pali wina kumbuyo kwanu amene wakhala akudikila malo amenewo.