Mwana amene ankati akufuna apulo

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga ndi abale nonse, landirani moni m'dzina la Ambuye. Ameni? Ndikufuna kuchitira umboni.

Ambiri mumandidziwa, ndine make Yohane wa kwa Nchilamwela. Ndakalambira m'tiyi muno, dengu lili kumsana. Yohane anali mwana wanga mmodzi yekhayo. Tsiku lina anandiuza kuti, "Amayi, dengu lakupindani msana inu, ine silindipinda. Ndikupita ku Blantyre." Ine ndinasangalala, abale. Tauni! Magetsi, phula, nyumba za simenti. Ndinkati napolo ndi wathu akumudzi kumapiri kuno, m'tauni angadutse bwanji pamaloboti paja?

Anapita ndi mkazi wake, kamwana kawo Tadala n'kundisiyira kuti akayambe apeza pokhala. Kamwanako ndinkapita nako kumunda. Inu othyola tiyi mukudziwa, kumwamba kukangoda timakuwa m'Chilomwe chathu kuti, "Epula! Epula!" kutanthauza mvula, n'kuthawira kushedi. Tadala mawu ake oyamba anali amenewo. Asanadziwe kunena kuti agogo, ankadziwa epula.

Atapeza nyumba ndinakamutula ndekha. Nyumbayo inali pamwamba, m'mbali mwa phiri, kumene lendi ndi yotsika. Mitengo kunalibe, yonse inathera makala. Nyumba pamwamba pa nyumba inzake, ngalande zodzaza majumbo. Ndinafunsa kuti, "Yohane, nanga madzi akabwera amadzera pati?" Iye anangoseka. "Amayi, muno ndi m'tauni." Nanenso ndinaseka, ndinabwerako mtima uli m'malo.

Kenako kunabwera namondwe uja. Simunaiwale, ngakhale kuno anatigwetsera nyumba. Foni ya Yohane osalowa, osalowa. Mvula itadukiza anandiimbira neba wawo. "Amayi, bwerani. Phiri lagumuka."

Abale, mwana wanga anamufukula m'matope ndi makasu. Mkazi wake anamupeza kumunsi, kumtsinje. Tinawaika m'manda onse awiri kuno kwathu, ena mwa inu munaimba nawo. Koma Tadala sanapezeke, wamoyo kapena wakufa. Ndinkalira maliro awiri, achitatu sindinkadziwa ngati ndilire kapena ndisalire. Chimene chija chimapweteka, amayi anzanga, chimapweteka.

Ndinabwerera ku Blantyre kukamufuna. Anthu otsala ankagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Ndinayenda, ndinayenda. Kuchipatala ndinafika, kumochale ndinalowa, kuvundukula ana a eni. Paliponse ndikati Tadala, amvekere, "Dzina limenelo mulibe muno." Ndiye kunjaku maminibasi ayamba kale kuitanira, msika wadzaza, anthu akutsatsa tomato. Ndinakwiya, sindinama ayi. Ndinati tauni iyi ili ngati tiyi, ukamudula amaphukanso. Koma Yohane wanga si tiyi, sadzaphukanso. Ndinamufunsa Mulungu pamseu pomwepo kuti, Ambuye, mwanditengera onse?

Pasukulu ina ndinapeza mayi wina, mphunzitsi, mayankhulidwe ake a kumpoto. Anandimvetsera bwinobwino n'kunena kuti, "Pepani agogo, Tadala sitinamumvepo. Kamwana kopanda mwini kalipo kamodzi, ndikusunga ine kunyumba, koma sikayankhula. Timangokatchula kuti Apulo."

Ndinati, "Apulo?"

"Eya. Kumwamba kukangoda kamalira kuti apulo, apulo. Tikakagulira apuloyo kamataya."

Mpingo wa Mulungu! Ndinawagwira dzanja mayi aja. Ndinati, "Mayi, ameneyo sakufuna chipatso. Akunena epula. Akukuuzani kuti thawani, mvula!"

Tinathamanga, ine nkhalamba kuthamanga. Ndinakapeza kali pakhonde, kabala kali pamphumi, kakungoyang'ana pansi. Ndinati Tadala, sikanatembenuke. Ndiye ndinakuwa ngati ndili m'munda, "Epula!" Kanadzuka, kanathamanga, kanalowa m'chitenje changa n'kufunda mutu, monga kankachitira kushedi kuja.

Anakatola ndi bambo wina wogulitsa makala, katakakamira pamalata. Anakasunga ndi mayi wa kumpoto amene sadziwa n'komwe kuti Nchilamwela ili kuti. Maneba ankasonkha phala ndi zovala. Tauni yomweyo imene inandidyera mwana, inandisungira mdzukulu. Ndapitako posachedwapa kukathokoza. Ena akubzala mitengo paphiri paja, ena akukumba ngalande. Koma ena amanganso pamalo pomwe panafera Yohane, ndipo ukawafunsa amati, "Tipite kuti?" Tiziwapempherera, chifukwa mvula siinathe kumwamba.

Yohane sindidzamuonanso pansi pano, ndipo mtima sunapole. Ndikanena kuti wapola ndiye kuti ndanama m'nyumba ya Mulungu. Koma taonani pabenchi lachiwiri apo, wavala diresi yachikasuyo. Imirira, mama, akuone. Mvula amaiopabe, ikayamba amandigwira mwendo. Koma dzana itagwa, anatulutsa yekha kadzanja pakhonde, madontho n'kumamugwera.

Zikomo Ambuye, munandisiyira mmodzi. Zikomo abusa, zikomo mpingo wonse chifukwa munalira nane. Lero ndithandizeni kusangalala, ndekha sindingathe. Amayi anzanga, imbani nthungululu m'malo mwanga, Tadala amve kuti wafika kwawo.