A Kadzuwa Asiyira Msewu Malo Awo

Malemu athu, bambo Cosmas Nasoni Kadzuwa, anabadwa pa 9 Juni 1957 m'mudzi muno mwa Kamphinda, tsidya lino la mtsinje wa Namphala. Anali achiwiri mwa ana atatu a bambo Nasoni Kadzuwa ndi mayi Felesiya NaBanda. Oyamba ndi mayi Rozi, amene akhala kumutu kwa bokosiwo. Omaliza ndi mayi Gladys, amene anabereka ine. Dzina langa ndine Alick, ndipo malemuwa ndi amalume anga.

Mafumu athu, Bambo Mfumu, akuluakulu a ku khonsolo, ndi nonse amene mwavula nsapato pa Namphala kuti mudzakhale nafe, banja landituma kuti ndikuwerengereni mbiriyi. Mundilezere mtima, chifukwa kumapeto kwake kuli nkhani ya malo amene tikawagoneke, ndipo ndi bwino muimve tisananyamuke.

Malemu anabatizidwa ku Mua ali khanda. Mu 1965 anayamba sukulu komweko, nafika Sitandade 8 mu 1973. Ankatiuza kuti nthawi ya dzinja ankawoloka Namphala kabudula ndi mabuku zili pamutu, ndipo tsiku limene mtsinje wakana, sukulu inkathera pagombe. Ku sekondale sanapite. Chaka chomwecho bambo awo anamwalira, nawasiyira ng'ombe ziwiri, ngolo ndi alongo awiri oti awayang'anire.

Ngoloyo ndiyo inakhala ntchito yawo. Ankanyamula thonje kupita ku Golomoti, usipa kuchokera ku Mtakataka, njerwa za tchalitchi, komanso odwala. Ambiri mwa inu munapita koyamba ku chipatala cha Mua pa ngolo imeneyo muli m'mimba mwa amayi anu.

Pa 22 Ogasiti 1981 anamanga ukwati woyera ndi mayi Bernadeta, mwana wa msodzi wa ku Mtakataka. Mayiwa amanena kuti anadziwana tsiku limene ngolo inatitimira m'matope itanyamula dengu lawo la usipa, ndipo mnyamatayo m'malo mopepesa anawapatsa chikwapu kuti athamangitse ng'ombe, iye akukankha kumbuyo. Malemu anapempha chitengwa, ndipo banja lawo linakhazikika muno. Mulungu anawapatsa ana asanu ndi mmodzi. Awiri anatsogola ali aang'ono.

Pa 3 Julayi 1996 agogo athu a NaBanda anamwalira, atadwazikidwa nthawi yaitali ndi mayi Rozi. Monga mukudziwa, kumanda kwathu mbumba iliyonse ili ndi mzere wake, ndipo munthu amagona pafupi ndi amayi ake. Mzere wathu unayambira mkati ndipo wakhala ukusendera cha kumtsinje. Agogo anagonekedwa pansi pa msangu waukulu uja, kufupi ndi thanthwe la m'mbali mwa Namphala. Mukudziwanso kuti kumanda sitidula mtengo. Ngakhale nkhuni zogwa zokha sititola.

Mu 2016 anthu anasankha malemuwa kulowa mu komiti ya chitukuko ya dera lino, imene imagwira ntchito pansi pa khonsolo, ndipo anzawo anawapatsa udindo woyang'anira misewu. Inali ntchito yongodzipereka. Mvula ikagwa, mawa lake ankatuluka pa njinga khasu atamangirira kumbuyo, kukatsegula ngalande zimene zatsekeka. Giredala ikabwera, ankayenda pansi kumbuyo kwake tsiku lonse, kuonetsetsa kuti msewu wapatsidwa msana woti madzi azitsikira m'mbali. Ankakwera minibasi kupita ku boma kukanena za maenje athu, mpaka alonda a pageti anawaloweza dzina. Anyamata a kabaza anawatcha a Kalavati, chifukwa pa msonkhano uliwonse, kaya wa mphakati kaya wa makuponi, ankamaliza ndi nkhani ya kalavati, kamlatho kodutsa madzi pansi pa msewu. Dzinalo ankavomera. M'zaka zimenezo msewu wa ku sukulu unathiridwa miyala, ndipo makalavati ang'onoang'ono a pa dambo anamangidwa.

Mu 2019 khonsolo inavomera chimene malemu anapempha kwa nthawi yaitali, chomanga kalavati wamkulu powolokera magalimoto pa Namphala. Injiniya anabwera, nayenda ndi komiti m'mbali monse mwa mtsinje. Onse anagwirizana kuti malo olimba ndi amodzi okha, pa thanthwe lija. Kwina konse ndi mchenga. Koma kuti msewu ufike pa thanthwe, unayenera kudutsa m'mphepete mwa manda. Panalibe manda oti afukulidwe. Pankafunika kudula msangu wa agogo ndi mitengo ina yoyandikana nawo, ndi kupereka malo otsala a mzere wathu, amene anali asanakumbidwe.

Mudzi unakhala pansi. Malemu anapempha mbumba yawo kuti ipereke malowo. Mawu awo tsiku limenelo ambiri mukuwakumbukira: "Akufa anafika kale kumene ankapita. Amene tikadali pa ulendo ndife." Mayi Rozi, monga mkulu wa mbumba, anakana. Anati amayi awo anapsa ndi dzuwa moyo wawo wonse m'munda wa thonje, ndipo sangalole kuti agonenso padzuwa, magalimoto akuwadutsa kumutu. Anati msangu ndi mtengo wokhawo umene umachita masamba nthawi ya chilimwe, pamene mitengo ina yonse yayoyoka. Anthu ambiri anali mbali yawo. Sindikunena izi kuti ndiweruze munthu. Mlongo ankateteza mayi ake, mchimwene ankateteza odwala, ndipo palibe amene ankanama.

A khonsolo ananena kuti sangalowe m'manda mwa eni popanda chilolezo, ndipo ngati mudzi sugwirizana msanga, ntchitoyo ipita ku dera lina limene likudikira. Pofuna kuti mwayi usatipite, mudzi unasankha kumunsi, pa doko lakale la mchenga. Malemu sanakondwe, koma sananyanyale. Anakhala pa ntchitopo kuyambira tsiku loyamba, kuyang'ana kasakanizidwe ka simenti, ndipo masana ankatunga okha madzi othirira konkire kuti isang'ambike. Kalavati wamkuluyo anatsegulidwa mu Okutobala 2020. Ambulansi inafika m'mudzi muno kwa nthawi yoyamba, ndipo amayi analulutira.

Kalavatiyo anatithandiza dzinja limodzi lokha. Mu Febuluwale 2022 Namphala anadzaza, ndipo madzi sanagumule kalavatiyo ayi, anangomuzungulira. Anakokolola mchenga mbali zonse ziwiri. Mwamuona lero pobwera, ali chiimire pakati pa mtsinje ngati chulu, amayi akuyanikapo zovala.

Sabata yomweyo, Chiyamiko, mwana wamkazi wotsiriza wa mayi Rozi, matenda a uchembere anamuyamba masiku ake asanakwane. Kunali m'mawa. Amalume anamanga ng'ombe okha, namunyamula pa ngolo pamodzi ndi mayi ake. Atafika pa mtsinje anapeza madzi ali m'khosi, ndipo ambulansi inali itaima tsidya linalo, akuonana ndi dalaivala maso ndi maso. Anatembenuza ngolo kuti azungulire njira yaitali yokatulukira ku msewu wa tala. Chiyamiko anatisiya dzuwa lili paliwombo, asanafike pa tala, mutu uli pa miyendo ya mayi ake. Mwana sanaoneke. Kuyambira tsiku limenelo malemu sanagwirenso chikwapu. Ngolo ili kuseri kwa nyumbayi, matayala anaphwa.

Chiyamiko tinamugoneka pafupi ndi agogo ake, pansi pa msangu. Mzere unasendera, ndipo pakati pa iye ndi thanthwe panangotsala malo ochepa, omwe aja ofunika msewu. Ena ankaganiza kuti maliro amenewo afewetsa nkhani. Anaiumitsa. Mayi Rozi anati mwana wawo anagwedezeka kokwanira pa ngolo, sangalole kuti giredala idzamugwedezenso m'manda. Ndani akanawayankha mayi wolira?

Zaka zotsatira zinali zowawa kwa malemu. Anthu ena anayamba kunena kuti a Kalavati anadya simenti. Anyamata omwe aja a kabaza, akamawoloka njinga ili paphewa, ankawafunsa mwachipongwe ngati mlatho wawo ukulandira alendo lero. Iwo ankangoti pepani ana anga, n'kuwagwirira katundu. Chimene chinawapweteka kwambiri ndi cha kunyumba. Nyumba yawo ndi ya mayi Rozi zayang'anana, koma kambale ka ndiwo kamene kankayenda pakati pa makomo awiriwa kuyambira kale kanaleka kuyenda. Ankapatsana moni wa mtendere ku tchalitchi, n'kubwerera aliyense njira yake.

Komabe sanasiye kukwera minibasi. Mu Seputembala 2024 khonsolo inavomera kuiganiziranso Namphala, koma inanenetsa kuti siidzamanganso pa mchenga. Inati mvula ikatha, mu Meyi chaka chino, idzatuma anthu kudzaona ngati malo a pa thanthwe aperekedwa. Akadzapeza kuti ayi, nkhani ya Namphala idzatsekedwa.

Pa 18 Novembala 2024 malemu anagwa ali m'munda, ndipo mbali ya kumanja inafa. Anagonekedwa ku chipatala cha Mua, kumene madokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Anatuluka Khirisimasi isanafike, akuyankhula movutikira. Mwezi wathawu, atazindikira kuti mphamvu zikutha, anaitana mayi Bernadeta, bambo Clement a pampando wa mphakati wathu, ndi ine. Anatikumbutsa kuti mwa mwambo, malo awo ndi otsatira pa mzere, pafupi ndi Chiyamiko, ndipo akagonekedwa pamenepo msewu sudzadutsanso mpaka kalekale, pakuti manda sasunthidwa. Choncho anapempha kuti tikawaike kuseri, kumene timaika alendo, asodzi obwera ndi aganyu amene amafera kuno opanda abale. Mayi Bernadeta analira, nawafunsa ngati munthu wobadwira muno, mwini mbumba, angagone ngati wosowa kwawo. Anayankha kuti alendowo ambiri anawanyamulapo pa ngolo, sakasowa wocheza naye. Koma anatiletsa kuchita mokakamiza. Anati mwini mzere ndi mlongo wawo, ndipo chimene iye adzanene ndicho chichitike.

Tinakawauza mayi Rozi, ndipo anamva.

Pa 10 Malichi matenda anakula. Amuna a m'mudzi muno anawawolotsa pa machira, madzi ali m'chifuwa, mpaka pa galimoto imene inkadikira tsidya. Achipatala anayesetsa, koma Lachinayi pa 13 Malichi 2025, masana, amalume anapuma. Dzulo munaona nokha mmene anabwerera kwawo. Galimoto inaima pagombe, ndipo bokosi linawoloka pamitu ya anthu, kudutsa pambali pa kalavati wawo.

Lero m'mawa adzukulu anapita kumanda kukakumba. Popeza panalibe mawu ena ochokera kubanja, anachita monga mwa nthawi zonse, analambula udzu pa mzere wathu, pansi pa msangu. Khasu loyamba lisanagwe, mayi Rozi anatuluka m'nyumba ya siwa, nayenda okha mpaka m'mphepete mwa manda, pamene amayi amalekezera nthawi yokumba. Anaitana mkulu wa adzukulu, a Gidiyoni. Ndinali pomwepo, ndipo mawu awo ndiwanena monga anatulukira: "Musakumbe apo. Kamuikeni kuseri kumene wanena. Ndipo mumusiyire malo pambali pake, chifukwa inenso ndikagona komweko. Asakakhale yekha pakati pa alendo mwana wa amayi anga."

Anapemphanso chinthu chimodzi, kuti tsiku lodula msangu likadzafika, adzayambe awauza, kuti adzapite kukawafotokozera amayi awo ndi Chiyamiko. Mafumu amva ndipo avomera. Inu a khonsolo mwamva ndi makutu anu. Mu Meyi mudzapeza malowo ali osakumba.

Malemu asiya mayi Bernadeta, amene akhala nawo m'banja zaka makumi anayi ndi zitatu. Asiya ana anayi, Onani, Mercy, Chikondi ndi Nasoni, zidzukulu khumi ndi chimodzi, ndi alongo awo awiri, mayi Rozi ndi mayi Gladys, pamodzi ndi ife ana awo.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino a ku Mua, Bambo Mfumu ndi akhristu a mphakati amene sanatope kubwera ndi mapemphero, amayi amene akhala akuphika ndi kutunga madzi kuyambira Lachinayi, abale a ku Mtakataka amene abwera ndi nsomba, ndi anzawo a mu komiti. Tikuthokoza amuna amene analowa m'madzi kawiri, powapititsa ndi powabweza. Ena mwa iwo ndi anyamata a kabaza aja, ndipo banja lawaona. Adzukulu, pepani, takugwiritsani ntchito pawiri.

Tsono tikanyamuka pano, mudzaona bokosi likufika pa msangu, pamene pagona agogo ndi Chiyamiko. Onyamula adzaima pang'ono kuti amalume atsanzike. Kenako lidzapitirira. Musadabwe, ndipo musawakumbutse onyamula kuti asochera. Sanasochere.

Amalume, a Kadzuwa, a Kalavati athu, Namphala mwawoloka komaliza. Ambuye akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.