Mkanda wa makaroni pamwamba pa tayi

Pa siteji ya basi m'mawa, mayi wina wonyamula ambulera ankangoyang'anitsitsa pakhosi pa bambo wovala tayi amene anaima naye pafupi.

"Pepani bambo, chili pakhosipo ndi mankhwala kapena ndi fashoni?"

"Ndi makaroni, mayi. Watunga pa ulusi ndi mwana wanga wa zaka zinayi, utotonso wapaka yekha."

"Ndiye mukalowa nawo muofesi?"

"Nanga n'kutani? Sabata yonseyi chakudya chake cha kusukulu chimabwerera osachikhudza. Buledi tinadula ngati nyenyezi, dzira tinalijambula maso ndi ndevu, koma ayi ndithu. Ndiye dzulo tinapangana kuti ine ndivala mkanda wake tsiku lonse, iye amaliza za m'kabokosi kake ka chakudya."

"Si mungouvula mukakwera basi? Adziwa bwanji?"

"Simukumudziwa ameneyo! M'mutu sudutsa, wamanga mfundo zisanu kumbuyoku. Akuti adzadula yekha madzulo."

"Koma abwana anu akaseka lero."

"Aseke, bola mwana adye."

"Nanga inu mwamanga mfundo zingati pa kabokosiko? Wanga ankabwera nako kali mbee, ine n'kumanyadira, osadziwa kuti amene akunenepa ndi mnzake wokhala naye pa desiki."

Bamboyo anagwira mkanda uja.

"Mayi, mbali imeneyo sitinakambirane."

"Musadandaule, achimwene. Kaya wanu kaya wa eni, mwana wina akhuta lero chifukwa cha khosi lanulo."