Anagwetsa Mitengo ya Makoala, Mlandu N'kugwera Ine

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ndine Mayi Gondwe, ndimasamalira okalamba ku Joondalup, dera la mumzinda wa Perth. Umboni wanga ndi wa nthawi imene munthu wodya naye mbale imodzi anandipereka.

Kuno ku Perth makoala, nyama zaubweya zokhala m'mitengo, sakhala m'tchire. Amasungidwa m'mapaki, ndipo chakudya chawo ndi masamba a bulugama basi. Mlimi wina wa kumpoto kwa mzinda anapereka mbali ya malo ake kuti anthu ongodzipereka adzalepo mitengoyi, ndipo ndine ndinakopa a mpingo wathu kuti tilowe nawo. Zaka ziwiri, Loweruka lililonse, tinkakumba maenje mumchenga wotentha uja ndi kuthirira ndi zigubu, ena atangoweruka kumene ku shifiti. Wolankhulana ndi mlimiyo anali a Banda, mkulu wa mpingo wovala magalasi, amene anandichingamira pabwalo la ndege nditangofika m'dziko lino. Ndinkawatchula kuti achimwene.

Loweruka lina tinafika n'kupeza thirakitala itadutsa. Mitengo yofika m'mapewa inali mbwee pansi, mizu kumwamba. Malowo anali atagulitsidwa kuti pamangidwe nyumba. Anthu atayamba kufunsa, a Banda analemba pagulu lathu la pafoni kuti mlimi anandiuza ine kalekale, koma ndinabisa.

Abale, mtima wanga unasweka. Ndinawaimbira a Banda kangapo, osayankha. Kutchalitchi ndikakhala pabenchi anzanga ankasendera kutali, ndipo ku kwaya ndinasiya ndekha. Mayi wina anandiuza pamaso kuti, "Mwatipsetsa ndi dzuwa pachabe, asisi." Mapemphero anga anasanduka mafunso okhaokha: Ambuye, mukudziwa kuti ndilibe mlandu, nanga mwakhaliranji chete?

Patapita masabata atatu ndinabwerera kumalo kuja ndekha, kuti ndione ngati pali timitengo totsala. Ndikutola, mayi wina wachizungu wokalamba, mwini munda woyandikana, anandiitana pampanda.

"Bwanji simunabwere kudzaizula nthawi ilipo?" anafunsa m'Chingerezi. "Bambo wanu wa magalasi uja anauzidwa miyezi inayi yapitayo. Ine ndinali pomwepo."

Ndinakhala pamchenga n'kulira. Nditawafotokozera zonse, anangoti, "Mapemphero anu amayamba nthawi yanji Lamulungu?"

Anabweradi, ndi ndodo yawo, munthu woti sankandidziwa. Anaimirira pamaso pa mpingo n'kunena zimene anamva, kuphatikizapo zoti wogula malowo analonjeza a Banda ntchito ngati gulu lathu silichita phokoso. Kenako anati munda wawo wa kumbuyo ukungokhala, tidzalepo, ndipo pangano likhale lolembedwa kuti aliyense adzaliwerenge yekha. Takhala tikudzala kumeneko, ndipo chaka chino osamalira makoala abwera kudzadula nthambi zoyamba.

A Banda anasamukira ku mpingo wina osandiuza ngakhale pepani. Sindikunamizani, bala likadalipo, ndipo kukhululuka ndikuphunzira tsiku ndi tsiku. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anandisungira mboni kuseri kwa mpanda, ine ndisakudziwa.

Inu amene mwanamiziridwa ndi munthu wapamtima, musathawe pamaso pa Ambuye chifukwa cha manyazi amene si anu. Pirirani, pempherani ngakhale mawu akutuluka ndi mkwiyo. Iye amamva. Ameni.