Naini wa Pafomu ya Chimbudzi

Wolakwa ndi bambo wosamala zipinda m'sitima ija ya pamadzi, amene anzake omwe ankamutchula kuti a Fomu. Ndiye anatsekera mayi wamasiye m'chipinda ngati mbava, tsiku limene sitima inaima maola anayi okha padoko pomwe mwana wake wamkazi ankadikira ndi khanda lopatsidwa dzina la malemu. Khandalo mayiyo anali asanalionepo.

Matenda otsekula m'mimba anali atagwa m'sitimamo, ndipo aliyense anapatsidwa pepala kuti alembe dzulo lake analowa kuchimbudzi kangati. Mayiyo bodza salidziwa. Analemba naini.

M'mawa, atatchena, chikwama kudzanja, anapeza a Fomu ataima pakhomo. Khadi lake lotulukira m'sitima analipanikiza pakabuku kawo.

"Pepani amayi, simutuluka. Masiku awiri."

"Watero ndani?"

"Pepalali. Mwalemba naini. Lamulo likuti akafika katatu, munthu akhale m'chipinda."

"Ndimakachapa, bambo inu! Mpope m'kachipinda kano uli kuti? Si momwemo?"

"Koma munalowa?"

"Nanga ndikanachapira pabedi?"

"Ndiye kuti munalowa." Anachonga.

"Tamverani. Koyamba ndinakanyika zovala. Kachiwiri kuchapa. Kachitatu kutsukuluza. Kachinayi kuyanika."

"Kanayi," anatero a Fomu, akuwerenga zala. "Kasanu kotsalako?"

"Kukakhudza ngati zauma!"

"Bwanji osapereka kwa ochapa athu?"

"Hiii! Zamkati zanga ndipatse anthu osawadziwa? Malemu ndakhala nawo zaka makumi atatu, sanazionepo zili pachingwe!"

"Pepala lilibe malo olembapo zamkati."

"Ndiye fufutani nainiyo."

"Munalemba ndi bolopeni."

Mayiyo anaponya chikwama pabedi, nagwira m'chiuno.

"Ine masamba anu osaphika aja sindinadye. Tizilombo tanu ta m'nyanja ta miyendo yambirimbiri tija sindinatikhudze. Chikwerereni sitimayi ndi buledi ndi tiyi basi. Lero ndi tsiku lachinayi, mimbayi yangoti gwa ngati mwala, palibe chatuluka!"

A Fomu anakwinya nkhope. "Palibe chatuluka, koma mwalowa kanaini? Apa ndiye pavuta zedi, amayi. Ndiwonjezere tsiku."

"Mayo ine! Kodi anakuberekani munthu kapena makina osindikizira?"

"Funso limenelo palibe pafomu."

Mayiyo anathamangira pazenera. Uko padoko, pakati pa anthu, mwana wake anali atanyamula m'mwamba kanthu kovala chipewa chachikasu.  Mayiyo anatembenuka kuti alalatire a Fomu, koma mimba ina inayamba kulankhula. Kulukulukulu! Sinali yake.

A Fomu anaphatikiza mawondo. Thukuta linali kamukamu.

"Amayi, ndingalowe pang'ono umo?"

"Mukachape?"

"Chonde, mayi anga. Chathu antchito chili pansi penipeni."

"Pitani pansi penipenipo."

"Ndikachoka pakhomo muthawa."

"Lowani, musandiipitsire kapeti. Koma maso anu asapite pachingwe."

Analowa atakumbatira kabuku ndi khadi lomwe. Mayiyo anakhala pabedi, nakweza chala chimodzi. Patapita nthawi a Fomu anatuluka, akukonza kolala.

"Monga ndimanena, amayi, lamulo ndi la..."

Kulukulu! Chitseko pha! Zala ziwiri.

Ulendo uno anatuluka atatuwa, akugwira khoma.

"Munadya chiyani, bambo?"

"Zotsala za alendo. Tizilombo tija."

"Ehe! Ndiye nkumatsekera ine?"

"Ine sindinalembe nai... mayo!"

Kabuku uko, bolopeni uko, khadi pansi. Mayiyo anatola zonse bwinobwino, nagogoda pachitseko cha chimbudzi.

"Bambo, mwalowa kangati?"

"Katatu, koma..."

"Pepala lilibe malo olembapo koma." Anachonga, ndi bolopeni. "Madzi ali patebulo, muthiremo shuga ndi kamchere, muzimwa. Ine ndikasambira m'manja kwina."

"Amayi, mukupita kuti?"

"Pepani bambo, simutuluka. Masiku awiri."

Anatsika, ndipo khanda lija analiyangata maola atatu athunthu. Mphuno ndi ya malemu yeniyeni.

Lero akuluakulu a sitima atumiza kalata, ati mayiyo anaphwanya lamulo. Lamulo lake liti? Amene anatsekeredwa si uja analowa katatu? Inu mukuwerenganu musangoseka ayi. Ndiyankheni, wodwala anali ndani pamenepa?