Khala la Moto la Mayi Nuala Tierney

Malemu mayi Nuala Tierney, achemwali anga, anabadwa pa 3 Febuluwale 1931 kuno ku Kilbrack. Ine ndine Dermot, mlongo wawo. Tsiku lomwe ndinkanyamuka kupita ku Boston mu 1956, ndinawalonjeza kuti ndidzawatenga, ndipo mafupa awo sadzagona m'mudzi uno.

Sukulu analekezera sitandade 6, kuti azikama ng'ombe za bambo athu. Mu 1952 anakwatiwa ndi bambo Malachy Tierney. Batala wa malemu ankatha pamsika dzuwa lisanakwere.

Pa 1 Meyi 1955 moto unawazimira mwana wawo Colm ali ndi chibayo. Anathamangira kwa mayi Gaughan, aneba awo, n'kuwapeza akupukusa mkaka. Mwambo mukuudziwa: mlendo amadalitsa ntchito n'kugwirako ndodo ya mgolo wopukusira mkakawo, ndipo tsiku limenelo moto sutuluka m'nyumba. Malemu anangotola khala n'kuthamanga.

Chaka chimenecho batala wa mayi Gaughan anakana kugwirana. Mgolo wawo ndinaununkhiza ndekha, unali wosatsuka, fungo lake ngati galu wonyowa. Koma mudzi unagamula kuti malemu anaba batala ndi khala lija. Ena mwa inu, a imvi inu, munkawakuwiza pamsewu kuti, "Mayi mfiti, lero mwakama ng'ombe ya yani?" Pamsika batala wawo ankabwerera. M'tchalitchi muno benchi yonse inali yawo okha, zaka makumi anayi.

Bambo Tierney anatisiya mu 1981. Malemu ankapukusabe mkaka Lachiwiri lililonse, kudya okha, wotsala kupatsa nkhumba. Anayamba kudwala mtima mu Janyuwale chaka chino cha 1998, ndipo anamwalira pa 9 Juni. Ine ndafika dzana. Ndapeza mgolo wa malemu uli pakhomo pa malo omwera mowa, mwadzalamo maluwa kuti alendo azijambula.

Asiya mwana mmodzi, Colm yemwe uja, zidzukulu zitatu, ndi ine.

Tikuthokoza abambo mfumu, anamwino, ndi amuna okumba manda. Tikuthokozanso amayi amene mwadzaza nyumba ya siwa ndi buledi wopaka majarini. Pakhomo paja mwapadziwa lero.

Mzimu wawo uwuse mumtendere. Tikatuluka muno tikawaika kuseri kwa tchalitchi chino, pafupi ndi mayi Gaughan.